Chidindo cha Paphewa

Mumsewu wonse ankangowatchula kuti Azakhali, ngakhale kuti mwa ana onse owaitana chonchowo panalibe ndi mmodzi yemwe wa mlongo wawo. Dzinalo linawamatirira ali mtsikana ndipo linakalamba nawo. Anagwira ntchito yokolopa m'maofesi mpaka mutu unachita mbuu, ndipo mukanawafunsa zimene anaona m'maofesimo akanakuuzani za nsapato za anthu, chifukwa nkhope sankaziona kawirikawiri. Koma si mopu imene inawapinda msana. Anawapinda ndi amuna awo, ndipo anachita zimenezo ndi mtima wabwino, zomwe zimapweteka kuposa akanachitira dala.

Amuna awowo anali aKapitawo. Moyo wawo wonse unathera m'nyumba yosungiramo katundu, momwe malole ankafika ndi matumba a simenti, shuga ndi feteleza. Anayamba ngati wonyamula wamba, kenako anawaika kuyang'anira anzawo, ndipo aliyense woyamba ntchito ankadutsa m'manja mwawo. Kanyamulidwe kamene ankaphunzitsa kanali kamodzi kokha: werama, phewa lamanja pamimba pa thumba, dzanja kumbuyo kwake, potoloka, dzuka nalo. Ankadzitama kuti gulu lawo limamaliza kutsitsa lole ena akadalimbana ndi zingwe. Munthu akanyamula chonchi kwa zaka, khungu la paphewa linkada n'kulimba ngati chikopa cha nsapato, ndipo onyamulawo ankapatcha chidindo. Wopanda chidindo ankangokhala womvetsera anzake akamacheza.

Sitiroko inawapeza atapuma kale ntchito, akumanga zingwe za nsapato. Inatenga dzanja lamanzere ndi mwendo wamanzere, inapotoza kamwa, koma mutu inausiya uli bwinobwino, ndipo lilime nalo linatsala, ngakhale linkatulutsa mawu mokoka. Atatuluka m'chipatala panabuka funso limene palibe analiganizira: munthu wamkulu thupi chotere achoka bwanji pabedi kupita pampando, n'kuchoka pampando kupita kuchimbudzi? Ana anali awiri, wamwamuna woyendetsa malole a maulendo ataliatali ndi wamkazi wa saluni, ndipo onse anali ndi makomo awo. M'nyumbamo munatsala nkhalamba ziwiri.

"Tabwerani kuno, mayi," anatero aKapitawo m'mawa woyamba. "Ndikuphunzitseni ntchito."

Azakhali anawerama, anaika phewa pamimba pa amuna awo, anapotoloka, n'kudzuka nawo. Anafika pampando. Atawakhazika anaona chinthu chimene sanachione chichokereni kuchipatala: maso a aKapitawo anali ndi moyo.

"Mukanabwera kwathu kale, ndikanakulembani," anatero mkuluyo.

Apa ndi pamene panayambira vuto. Munthu amene analibenso chilichonse choti angapatse mkazi wake anapeza chinthu chimodzi, ndipo mkaziyo anachilandira ndi manja awiri. M'mawa uliwonse, masana, madzulo, aKapitawo ankalamula ali pabedi ngati akadali kuntchito. "Phewa pansi. Musathamange. Potolokani. Haya, nyamu." Azakhali ankamvera, ndipo nthawi zina ankalakwitsa dala pang'ono kuti amuna awo apeze chodzudzula.

Ululu unayamba ngati mlendo waulemu. Unkabwera madzulo, n'kuchoka akagona. Kenako unasamukiramo. Unakhazikika m'chiuno, unatsikira kuntchafu, unakwera mpaka m'khosi, moti munthu akawaitana kumbuyo ankatembenuka thupi lonse ngati kabati. Dzanja lamanja linaleka kukwera kupitirira phewa. Zinthu za pamwamba, sutikesi ya pakabati, mabotolo a pashelefu, zonse zinangokhala za dziko lina. Ankamwa mapiritsi, ankadzola mankhwala otentha aja onunkha nyumba yonse, ndipo akafunsidwa ankati ndi kuzizira. Azakhali analinso ouma mutu, tisawakometse.

Tsiku lina m'mawa anawerama monga mwa masiku onse. Atangopotoloka, msana unangoti gwa. Sanakuwe. Anatsetsereka pang'onopang'ono, katundu wawo ali paphewa, mpaka onse awiri anakathera pansi, pakati pa bedi ndi khoma. Panalibe woti adzutse mnzake. Foni inali pathebulo kuchipinda chochezera, ndipo inalira kangapo. Dzuwa linalowa pawindo, linayenda pakhoma, linakafika pa kalendala. AKapitawo analephera kudzigwira, ndipo Azakhali anamva kufunda kukufalikira pansi pa mwendo wawo.

Patapita nthawi yaitali mkuluyo anayankhula, maso ali kudenga.

"Munapotoloka msanga."

"Ndamva, bambo."

Anawapeza chomwecho ndi mwana wamkazi uja, atabwera masana ndi buledi.

Mwana wamwamuna uja anafika kumapeto kwa sabata. Sanakhale ndi pansi pomwe. Anaimirira pakhomo la chipinda, makiyi a galimoto ali m'manja, n'kunena zimene anali atagwirizana kale ndi mkazi wake.

"Ndikabwerako ulendo uno, ababa ndikuwatenga. Kwathu kuli kachipinda, ndipo tapeza munthu wowasamalira."

"Chabwino," anatero Azakhali ali chigonere pamkeka, chifukwa matiresi sankawathanso. "Tipita."

"Inu ayi, amayi. Inu mukakhala kwa mlongo wangayu. Mukakhala pafupi nawo simungaleke kuwanyamula, ndikukudziwani."

Zimene ananenazo zinali zoona, ndipo n'chifukwa chake zinalasa. Kwa mwanayo kunali kutali, kokwera basi tsiku lathunthu. Azakhali anali asanagonepo nyumba yosiyana ndi amuna awo, kupatula masiku a kuchipatala, pomwenso ankagona pabenchi ya pakhonde. Anazindikira kuti chatsala n'chimodzi: mwanayo akadzabwera adzawapeze ali chilili, akutha kunyamula bambo ake. Kupanda apo, banja latha onse akadali moyo.

Mwana wamkazi ndi amene anamva za dokotala wa mafupa, kwa mayi wina yemwe ankamuluka tsitsi. Anati si wa jakisoni kapena mpeni, amachiza ndi manja, koma anachita kupitira kusukulu. Azakhali anakayikira. Anthu osisita anali atawaona ambiri, ndipo wina anawasiyapo ndi mikwingwirima. Koma munthu amene wagona pansi theka la tsiku m'mikodzo ya mwamuna wake sachita makani nthawi yaitali.

Malowo anali pamwamba pa sitolo ya mafoni, ndipo pachitseko panalembedwa liwu lalitali lomwe Azakhali sanavutike nalo kuliwerenga. M'katimo munalibe fungo la mankhwala. Munali bedi lopapatiza lokhala ndi bowo loikapo nkhope, ndi msana wapulasitiki wopachikidwa pachitsulo, mafupa ake ali ndondondo. Adokotalawo anali mayi wamfupi wa zikhadabo zowenga kwambiri. Asanawakhudze anafunsa mafunso ambiri: ngati miyendo imachita dzanzi, ngati akutha kudzigwira akafuna kutaya madzi, ngati akuonda, ngati thupi limatentha. Anati pakanakhala zina mwa zimenezo akanawatumiza kuchipatala chachikulu, chifukwa si ululu wonse umene manja angathe. Kenako anawauza kuti ayende mpaka kukhoma, abwerere, awerame, akweze manja. Iwo anaima kumbuyo n'kumangoyang'ana.

"Mayi, munagwirapo ntchito yonyamula matumba?"

Azakhali anaseka, ndipo kusekako kunawabaya m'chiuno.

"Thumba langa ndi limodzi, adokotala. Limayankhula."

Mwana wawo wamkazi, yemwe anawaperekeza, anafotokoza zonse. Adokotala sanaseke. Anatenga msana wapulasitiki uja, anauweramitsa, anaupotoza, n'kuwaonetsa pamene mafupa amapanikizana. Anati kuwerama kokha msana umapirira, kupotoloka kokha umapirira, koma zonse pamodzi, katundu ali mbali imodzi, tsiku ndi tsiku, minofu imadzimanga kuti iteteze malowo, ndipo ikamangika imaiwala kumasuka. Mbali ina imafupika, ina imatopa ndi kukoka, khosi limapendekera kuti maso aone bwino, mpaka thupi lonse limakhala ngati chitseko chomwe chagwa hinjesi imodzi.

Anawagoneka pabedi lija. Manjawo anali ozizira poyamba. Zala zinayenda m'mbali mwa msana, zikuima pamalo pomwe Azakhali sanatchule n'komwe, n'kukanikiza mpaka misozi inalengeza. "Pumani, tulutsani mpweya," ankatero adokotala, ndipo pansi pa chalacho chinthu cholimba chinkafewa pang'onopang'ono. Anawagoneka cham'mbali, anapinda bondo, anagwira phewa, n'kumawagwedeza modekha ngati akutonthoza mwana. Anatenga dzanja louma lija n'kumalizunguza, kulikweza mpaka pomwe likukanira, kudikira, kenako kulikweza pang'ono pokha. Penapake m'chiuno munamveka kaphokoso ngati ka chala chikathyoledwa, ndipo Azakhali anadzidzimuka, koma sipanapweteke.

Atadzuka anayang'ana kukhomo kuti aone nsapato zawo, ndipo anazindikira kuti atembenuza khosi lokha. Analira pamenepo, osati mokweza, chifukwa anali ataiwala kuti thupi likhoza kukhala chete.

"Mawa mumva kuphwanya thupi, musadabwe," anatero adokotala. "Ndipo si zatha. Mubwerenso. Koma chachikulu si chimene ndachita inechi."

Anakhazika mwana wamkazi uja m'mphepete mwa bedi kuti akhale ngati wodwala. Anamukulunga thaulo m'chiuno, anaima kutsogolo kwake maso ndi maso, anapinda maondo msana uli chilili, bondo lawo litatsekera bondo la wodwalayo. Anati wodwala aponde ndi mwendo wabwino, akankhe yekha, wothandiza angogwira thaulo n'kumuwongolera, kenako onse atembenuke ndi mapazi, osati ndi chiuno.

"Amuna anu si thumba. Ali ndi mwendo umodzi wamoyo, augwiritse ntchito."

Azakhali anafika kunyumba ndi thaulo latsopano ndi mtima wa mtsikana. AKapitawo anamvetsera zonse, kamwa yopotoka ija ikugwedezeka.

"Ananyamulapo chiyani mayi ameneyo?"

"Anaphunzira za mafupa, bambo."

"Ine ndanyamulitsa anthu iye asanabadwe. Palibe anandigwetsera thumba." Anapuma, akusaka mawu. "Munapotoloka msanga basi. Chotsani chinsanzacho."

Sikuti kunali kunyada kokha, ngakhale kunyadako kunalipo kokwanira anthu atatu. Mkuluyo ankaopa mwendo wake. Ndipo panali chinanso chimene Azakhali anachizindikira atayesa kamodzi: ponyamula paphewa nkhope sizionana. Njira yatsopanoyi inkawaika mphuno ndi mphuno, pomwe dovu lotsika pakona ya kamwa linkaonekera, ndipo aKapitawo anatembenuzira nkhope kukhoma ngati mwana wogwidwa akuba shuga. Azakhali anapinda thaulo, anawerama, n'kuika phewa pamimba.

Choncho zinthu zinkayenda mozungulira. Ankapita kwa adokotala, ankabwerako atawongoka, akutha kuvala bulauzi okha, ndipo pakutha pa masiku ochepa ululu unkabwerera pamalo pake ngati mwini nyumba. Adokotala sanafunikire kuuzidwa. Anangoika dzanja m'chiuno n'kuusa moyo.

"Mayi, ine ndikumasula, inu mukukamanganso. Ndikhoza kumakumasulani, ndipo muzipezako bwino, koma thupi lili ndi potopera. Tsiku lina mudzagwa pomwe manja anga sadzafikapo."

Azakhali anangoti zikomo. Akanatani? Kusankha pakati pa msana wawo ndi chinthu chomaliza chimene amuna awo ankadziwa sikunali kusankha kwenikweni.

Adokotala anali atawapatsa zochita kunyumba, ndipo chimodzi chinali kuima moyang'ana khoma n'kumakweza zala ngati kangaude, kuti phewa lizolowere. Masana ena, poganiza kuti mkuluyo ali m'tulo, anavula bulauzi chifukwa cha kutentha, n'kuyamba kukwera khoma la kuchipinda ndi zala zawo. Kuwala kwa pawindo kunagwera pamsana pawo.

"Tabwerani," anamva mawu kumbuyo. "Tembenukani. Khalani apa."

Anakhala m'mphepete mwa bedi. Dzanja labwino la aKapitawo linakwera, linapapasa phewa lamanja, pomwe khungu linali litada n'kukhuthala, pomwe lamba wa buluku la amuna awo ankakhudza tsiku lililonse. Linapapasanso lamanzere, losalala, lokwera kuposa linzake. Dzanjalo linkadziwa chimene likukhudza. Linali litachikhudza pa mapewa ambiri, mosangalala, pouza munthu kuti tsopano wakhwima.

"Chidindo," anatero aKapitawo.

"Ndi khungu chabe, bambo."

AKapitawo anachotsa dzanja. Kenako anayamba kutchula anthu, osati kwa mkazi wawo, koma kudenga. Anatchula Njanji, amene ankanyamula matumba awiri nthawi imodzi, yemwe tsopano amagulitsa maswiti pasiteji ya basi akuyang'ana pansi chifukwa sangathe kudzutsa mutu. Anatchula Wamtali, amene mkazi wake amamuveka nsapato. Anatchula ena, ndipo aliyense ankathera pa ndodo kapena pabedi. Zaka zonsezi ankati ndi ukalamba, kapena mowa, kapena kuti anthuwo anali ofooka chibadwire.

"Onsewo ndinawaphunzitsa ndine," anatero.

M'mawa mwake Azakhali atayamba kuwerama, mkuluyo anawaletsa ndi dzanja.

"Bweretsani thaulo lija."

Ulendo woyamba zinavuta, wachiwiri zinavuta pang'ono, kenako zinayamba kuyenda. AKapitawo ankatseka maso, ankaponda ndi mwendo wamanja, n'kudzuka akunjenjemera, mpweya wawo uli pankhope ya mkazi wawo. Sankalamulanso. M'chipindamo munalowa bata limene Azakhali analitenga ngati mtendere. Msana unayamba kumvera. Adokotala anatalikitsa masiku obwerera, ndipo ulendo wina anamwetulira ataona dzanja likukwera mpaka kukhutu. Azakhali anabwerera pamatiresi, anayambanso kuimba akamatsuka mbale, ndipo anthu a mumsewu anati Azakhali atalika. Ankaona ndithu kuti mwendo wabwino uja ukunjenjemera kwambiri sabata iliyonse, koma ankangoutsekera ndi bondo lawo, osanena kanthu. Ankaganiza kuti mwini mwendo sakudziwa.

Mwana wamwamuna anafika ndi galimoto yobwereka, mlongo wake ali pampando wakutsogolo. Azakhali sanawalole ndi kumwa madzi omwe. Anawakokera kuchipinda, anakulunga thaulo, anapinda maondo, ndipo aKapitawo anadzuka, anatembenuka, n'kukhala pampando mopanda phokoso. Azakhali anawongoka, anakweza manja onse awiri m'mwamba kuti ana aone.

"Mwaona? Palibe chopweteka. Bwererani nayo galimoto yanuyo."

Mwana wamwamuna anayang'ana mlongo wake, anakanda kumutu. Zinkaoneka kuti wagonja, ndipo mwina mumtima anapepukidwa, chifukwa kachipinda kaja mkazi wake ankakafunanso.

"Ngati zili chonchi, amayi, ndiye mwina tidikire kaye."

"Nditsitsireni sutikesi," anatero aKapitawo.

Onse anatembenuka.

"Bambo, simunamve? Mwana wanena kuti mukhala."

"Ndamva. Ndikupita." Ankayankhula pang'onopang'ono, liwu lililonse likuchita kukokedwa. "Mwendo uwu ukutha, mayi. Inu mukudziwa, ine ndikudziwa. Ukadzatha mudzataya thaulolo, mudzaikanso phewa. Ndipo ine ndidzalola, chifukwa ndidzafuna kuchimbudzi."

"Ndi msana wanga. Ndikudandaula kwa ndani?"

"N'chifukwa chake. Simudandaula." Anayang'ana manja awo, lamoyo litagwira lakufa. "Ndapinda anthu okwanira."

Azakhali anayankhula zambiri tsiku limenelo, zina zoti sanawauzepo amuna awo chikwatiranireni. Anawatchula odzikonda, anawakumbutsa benchi ya kuchipatala, anafunsa kuti wantchito wosawadziwa adzadziwa bwanji kuti tiyi amamwa atazizira. Anachonderera ana, anagwada ndi pansi pomwe, ndipo maondo anapinda bwinobwino. Mkuluyo anangoyang'ana khoma, monga ankachitira kuntchito munthu akamapempha zimene zagamulidwa kale.

Pamapeto pake Azakhali anatopa n'kuchonderera. Mwana wamwamuna anasuntha kuti atsitse sutikesi pakabati, koma mayi ake anamukankhira pambali. Anakweza dzanja lamanja, ndipo linakwera lonse, mosavuta, monga adokotala ankafunira. Anaitsitsa, anaipukuta fumbi, anapindiramo malaya, mabuluku, lumo lometera ndi kapu ya pulasitiki yokhala ndi chogwirira chachikulu.

Pagalimoto mwanayo anawerama kuti anyamule bambo ake, ndipo osaganiza n'komwe analoza phewa lamanja pamimba pawo, monga anaonera kuyambira ali wamng'ono.

"Usatero," anatero aKapitawo, mokalipa kuposa mmene anayankhulira chidwalireni. "Asiye amayi ako. Uone."

Azakhali anakulunga thaulo, anaima kutsogolo, bondo pa bondo. Ulendo uno mkuluyo sanatseke maso, sanatembenukire kumbali. Anayang'anana ali chiimire, pafupi kwambiri, kwa nthawi yotalikirapo kuposa imene ntchitoyo inkafuna. Kenako anatembenuka ndi mapazi, n'kuwakhazika pampando wakumbuyo. Azakhali anawapukuta pakona ya kamwa ndi chala, anakweza mwendo wakufa n'kuulowetsa m'kati. Thaulo analisiya m'chiuno momwemo.

"Mwanyamula bwino," anatero aKapitawo.

Galimoto inanyamuka, inakhota pa sitolo ya pakona. Mwana wamkazi anawagwira pamkono n'kufunsa ngati msana uli bwanji, poti anyamula kawiri motsatizana. Azakhali anaima pamsewupo ali chilili, anadzimvetsera kuyambira m'khosi mpaka m'chiuno, akufunafuna pamene pakupweteka kuti akhale ndi chonena. Panalibe.